Wapafupi Amakuwa, Wakwanu Amanong'ona: Nkhondo ya Mawailesi M'mafamu a Mashonaland

Kwa zaka zambiri, matchona a m'mafamu a fodya ku Zimbabwe ankasaka mawu a kwawo pa wailesi usiku uliwonse. Mtunda unkawatchinga, komanso ankatchingidwa ndi masiteshoni oyandikana pa mphepo, milongoti yamphamvu ya pafupi, ndi anthu owononga dala mawu a anzawo.

Amalume anga atabwerako ku Halale, katundu wawo sanadzaze ngakhale ngolo imodzi: sutikesi yamalata, mabulangete awiri, njinga yakapalasa, ndi wailesi ya Supersonic yopangidwa ku Bulawayo, imene ankaifunditsa thaulo ngati khanda. Anali atatha zaka zoposa 20 pafamu ina ya fodya pakati pa Banket ndi Trelawney, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Mashonaland West. Ife ana tinkawazungulira madzulo pakhonde kwathu ku Ntcheu, ndipo chimene chinkatikoka kwambiri chinali kuona mmene ankatcherera wailesiyo.

Ankayamba ndi kuyendetsa singano pang'onopang'ono, khutu lili pa sipika, mpweya ataugwira. Akapeza mawu amene akufuna, ankanyamula wailesi yonse ndi manja awiri n'kumaitembenuza, kuilozetsa kuphiri, kuilozetsa kudambo, mpaka likhweru limene linkalira pamwamba pa mawuwo litazilala. Akatero ankaikhazika pampando ili chopendeka momwemo, ndipo mwana woigunda ankaona zakuda.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. "Mphwanga," anatero, "m'kabokosi aka muli anthu ambiri, ndipo onse amafuna kulankhula nthawi imodzi. Wapafupi amakuwa, wakwanu amanong'ona. Ukapanda kudziwa kumufulatira wokuwayo, wakwanu sudzamumva."

Kenaka anatisimbira za usiku wina wa dzinja kukomboni. Amuna angapo a ku Ntcheu ndi ku Dedza anali atazungulira wailesi, nthawi ya mauthenga achisoni pa MBC itakwana. Muulutsi anatchula boma la Ntcheu. Anatchula mfumu yaikulu ya kwathu. Anatchula mudzi wathu. Atangofika pa dzina la womwalira, siteshoni ina yolankhula Chipwitikizi inasefukira pamwamba ndi likhweru lake, ndipo pamene mawu a ku Blantyre ankabwerera, muulutsi anali atapita kale ku maliro a ku Mulanje. Amalume sanaone tulo usiku umenewo. Ankawerenga pamtima nkhalamba zonse za m'mudzi, imodziimodzi, n'kuyambiranso. Kalata inafika patatha masabata atatu. Anali mayi awo, agogo anga.

M'makomboni a Mazowe, Bindura, Shamva, Mvurwi, Karoi, Chegutu ndi Marondera, mibadwo itatu ya anthu olankhula Chichewa yalimbana ndi vuto limene linaba dzina la agogo usiku uja. Masiteshoni a AM akayandikana pa mphepo, kapena imodzi ikakhala ndi mlongoti wamphamvu pafupi ndi womvera, amalowererana, ndipo yofooka ndiyo imamira. Vutoli lili ndi masamu ake, lili ndi malamulo ake, ndipo ku Zimbabwe lili ndi mbiri yake ya ndale.

Njira ya ku Halale

Anthu a ku Nyasaland anayamba kutsikira kummwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, msonkho ukuwakankha kumbuyo, migodi ndi mafamu zikuwakopa kutsogolo. Ambiri ankayenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukatulukira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, amene anthu anangowatcha Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lodziwika kwathu kuno ndi dzina loti Mthandizi. Ena ankamaliza kontirakiti n'kubwerera. Ena anakwatira komweko, anabereka, anakalamba, ndipo kumudzi anawatcha matchona.

Moyo wa pafamu ya fodya unkayendera kulira kwa chitsulo cha kapitawo. Kuwokera, kupalira, kuthyola, kusonkhezera moto m'mabalani usiku wonse, kusankha masamba mpaka maso kuchita chidima, kenaka kukalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Zimene munthu akanazitcha zakezake zinali zochepa: gule wamkulu pa tsiku lopuma, amene Ashona amamutcha zvigure, tchalitchi kapena mzikiti, bungwe lothandizana pa maliro, ndi wailesi.

Wailesi yolankhula chinenero chawo inayambira ku Lusaka. Kumeneko kunali nyumba youlutsira mawu imene inatsegulidwa mu 1941, nkhondo yachiwiri ili mkati, ndipo pambuyo pake inakhala Central African Broadcasting Station, yotumikira anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Chinyanja chinali chimodzi mwa zinenero zake. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, ataona kuti anthu alibe chomvererapo, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo mu 1949 kunatuluka Saucepan Special, kawailesi kabuluu kooneka ngati sefuliya yoimika cham'mbali. Mtengo wake unali £5, batire yake kugula padera. Kudzera m'sefuliya yolankhulayi, mawu a Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi wotchuka, analowa m'nyumba za udzu za m'makomboni.

Chitaganya cha mayiko atatuwa chitatha mu 1963, dziko lililonse linatenga mlongoti wake. MBC inabadwa mu 1964. Mtchona wa ku Mashonaland anakhala ndi makomo angapo ogogodapo: Blantyre pa short wave ya 3380 kHz, mu mita bandi 90, Lusaka, kumene Julius Chongo ankasimba nthano zake mu Poceza M'madzulo, Radio RSA ya ku South Africa, ndi Trans World Radio, imene inayamba kuulutsa kuchokera ku Swaziland mu 1974. Makomo onsewa anali kutali. Kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mbalame imauluka pafupifupi makilomita 500. Pafupi panali milongoti ya boma la Rhodesia, yolankhula makamaka Chingerezi, Chishona ndi Chindebele.

Dimba la mizere 120

Mphepo ya wailesi ili ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje: malo ndi ochepa, ofuna kulima ndi ambiri. Kwathu kuno medium wave imayambira pa 531 kHz n'kukathera pa 1602 kHz. Mu 1975 mayiko a ku Africa, Ulaya ndi Asia anakumana ku Geneva pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, n'kugwirizana zodula dimbali m'mizere yotalikirana ndi 9 kHz, ndipo dongosololi linayamba kugwira ntchito pa 23 November 1978. Mukawerengera, mupeza mizere 120 yokha, yoti agawane mayiko onsewo. N'chifukwa chake manambala a masiteshoni athu onse a medium wave amagawika ndi 9. Tengani 594 kapena 756, pamene MBC inkamvekera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, muphatikize manambala ake limodzilimodzi: mupeza 18. Ku America kokha ndiko mizere imatalikirana ndi 10 kHz.

Mu AM, kaya pa medium wave kaya pa short wave, mlongoti umatulutsa funde limodzi lokhazikika, ndipo mawu amakwera pa fundelo polikweza ndi kulitsitsa mphamvu. Koma mawu akakwerapo, fundelo limatambasuka mbali zonse ziwiri, ngati munthu wosenza nsungwi chopingasa m'kanjira kopapatiza. Mawu akuthwa, monga a gitala ndi a likhweru, ndiwo amatambasuka kwambiri. Siteshoni ikakweza mawu ake kupyola muyezo, zinyenyeswazi zimagwera mumzere wa inzake, ndipo womvera amamva kuthetheka kotsatira nyimbo imene sakuimvera.

Likhweru limene amalume ankalithawa limabadwira m'wailesi momwemo. Mafunde awiri akakumana m'kabokosi, amabala kamawu kachitatu kolingana ndi kusiyana kwawo. Akasiyana ndi 9 kHz, kamakhala kakuthwa ngati kulira kwa udzudzu. Akasiyana ndi 1 kHz, limakhala likhweru lenileni, lolowa mpaka m'mano. Akakhala pa mzere umodzi, kungosiyana pang'onong'ono, mawu amanjenjemera, kukwera ndi kutsika. Chisanafike chaka cha 1978, mizere ya m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lapansi sinkagwirizana, ndipo malikhweru otere ankachuluka usiku.

Pamenepa m'pamene AM imasiyanirana ndi FM. Pa FM, masiteshoni awiri akakumana, yamphamvu imameza yofooka kotheratu, ndipo womvera sadziwa n'komwe kuti panali ina. Pa AM onse awiri amamveka, akulankhula mopikisana ngati pa mlandu wopanda nyakwawa. Zimatopetsa khutu, koma zimasiya kampata: munthu wopirira angathe kutola mawu a kwawo pakati pa phokoso, liwu limodzilimodzi.

Pansi pa mlongoti

Mlongoti wa medium wave suli ngati nsanja ya mafoni, imene imangonyamula tizipangizo pamwamba. Chitsulo chonsecho, kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndicho eriyo. Nthawi zambiri chimaima pa chotchinga magetsi kuti chisakhudze nthaka, chomangidwa ndi zingwe zachitsulo mbali zonse, ndipo munthu wochigwira chikugwira ntchito amapsa. Pansi pa nthaka amakwirira mawaya a kopa, kawirikawiri 120, otambasuka ngati mizu ya mkuyu. Kutalika kwa mlongoti kumatengera kutalika kwa funde. Pa 909 kHz funde limodzi ndi lotalika mamita 330, choncho mlongoti wa gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo umafika mamita 82.

Chinthu chotere sichingaime pakati pa tauni. Chimafuna malo aakulu, athyathyathya, ndipo nthaka yachinyontho ndiyo imatumiza mafunde kutali. N'chifukwa chake milongoti ya AM imamangidwa kunja kwa mizinda, kumadambo ndi kuminda, ndipo anansi ake amakhala alimi ndi antchito awo. Anansiwa ndiwo amaona zodabwitsa.

Choyamba ndi kugontha kwa wailesi. M'wailesi iliyonse muli kachipangizo kodzitsitsa kokha mphamvu ikachuluka. Funde la mlongoti wapafupi likalowa, kachipangizoka kamatsekeratu makutu, ndipo masiteshoni akutali amazimiririka, monga mmene nyali za lole zimabisira nyenyezi kwa munthu woyenda usiku. Pa wailesi yotchipa, siteshoni yapafupiyo imamveka paliponse pamene singano yaima.

Chachiwiri ndi kukwerana. Mawu a siteshoni yamphamvu amadumphira pa funde la yofooka m'kati mwa wailesi, kotero kuti ukatchera ya kwanu umamva mawu a mnansi kumbuyo kwake, koma ya kwanuyo ikatseka, mawu a mnansi aja nawonso amasowa pamalopo.

Chachitatu ndi masiteshoni a mzukwa. Tiyerekeze kuti pali milongoti iwiri yoyandikana, wina pa 900 kHz, wina pa 990 kHz. Mafunde awo akasakanikirana, amabala ena atsopano. Chulukitsani 900 kawiri, muchotsepo 990: mupeza 810. Chulukitsani 990 kawiri, muchotsepo 900: mupeza 1080. Pa 810 ndi pa 1080 padzamveka mawu a masiteshoni awiri aja atapiringizana, pamene palibe aliyense wa iwo akuulutsirapo. Ngati ya kwanu imakhala pa umodzi mwa mizere imeneyi, mzukwawo wakukhalira pakhomo.

Chachinayi ndicho chimakhudza kwambiri mafamu: dzimbiri. Zitsulo ziwiri zikakhudzana pamalo adzimbiri, mfundoyo imatha kugwira ntchito ngati kachipangizo kosakaniza mafunde. Famu ya fodya ndi yodzaza ndi mfundo zotere: waya waminga wa makilomita ambirimbiri, malata a mabalani ndi mashedi, mapaipi othirira, zipata zakale. Zonsezi zimatola mafunde, kuwasakaniza, n'kuwamwazanso. Pafupi kwambiri ndi mlongoti wamphamvu, chitsulo chingathe kulankhula chokha. Ku America, siteshoni ya WLW ya ku Cincinnati inaulutsa ndi mawati 500,000 kuyambira 1934 mpaka 1939, ndipo anansi a mlongoti wake ankanena kuti akumva mapulogalamu m'mipanda ya waya ndi m'masipiring'i a mabedi. Siteshoni ya CFRB ya ku Toronto, ku Canada, imene inali pa 690 kHz moyandikana ndi 700 kHz ya WLW, inadandaula, ndipo WLW inakakamizika kuimika milongoti ina yochepetsa mphamvu yolowera ku Canada.

Akatswiri ali ndi mankhwala awo: misampha ya mafunde patsinde pa mlongoti, milongoti ingapo yolozetsa mphamvu mbali imodzi, ndi kutsitsa mphamvu dzuwa likalowa. Wa kukomboni anali ndi manja ake okha. M'kati mwa wailesi ya medium wave muli kandodo kakuda ka ferrite kokulungidwa waya wopyapyala, kogona chopingasa. Kandodoka kamamva bwino cham'mbali, koma kunsonga zake n'kogontha. Ukalozetsa nsonga ya wailesi kumene kuli mlongoti wokuwa, mawu ake amagwa, ndipo wonong'ona uja amatuluka. Kumeneku ndiko kufulatira kumene amalume ankanena. Ambiri ankamangirira waya wautali pamtengo wa bulugamu poganiza kuti awonjezera mphamvu. Kutali ndi milongoti zinkathandizadi, makamaka pa short wave, koma pafupi ndi mlongoti wayayo ankangothira madzi m'mtsuko wodzaza kale.

Dzuwa likalowa, malire amagwa

Masana medium wave imayenda chokwawa, motsatira nthaka, ndipo imafooka ikamapita kutali. Mafunde okwera kumwamba amamezedwa ndi gawo lina la mlengalenga, la pakati pa makilomita 60 ndi 90 kuchokera pansi, limene limapangidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Dzuwa likalowa gawoli limasungunuka, ndipo mafunde amakagunda magawo a pamwamba pake, kuyambira pa makilomita 100 kupita m'mwamba, n'kubwerera pansi kutali kwambiri ndi kumene anachokera.

Usiku ndiwo unkabweretsa Malawi kukomboni, ndipo usiku womwewo unkabweretsa aliyense: Mozambique, South Africa, Tanzania, Congo, onse pa mizere 120 ija. Njira ya kumwambayi siikhazikika. Funde limodzi likukwera, lina likutsika, ndipo mphindi imodzi yokha ikwanira kuti siteshoni imene inali pansi ikwere pamwamba. Ndi mphindi yotere imene inagwera pa dzina la agogo. Onjezanipo mphezi za dzinja, zimene AM imazimva zonse, ngakhale zong'anima kuseri kwa mapiri a Nyanga.

Nthawi zina kusakanikirana kumachitikira kumwamba komweko. Mu 1933 katswiri wina wa ku Netherlands, Bernard Tellegen, ali ku Eindhoven, anatchera siteshoni ya Beromünster ya ku Switzerland n'kumva kumbuyo kwake mawu a Radio Luxembourg, imene inali pa mzere wakutali kwambiri. Mlongoti wa Luxembourg unali pakati pa njira, ndipo mphamvu zake zinkagwedeza mlengalenga momwe mafunde a ku Switzerland ankadutsa. Wamphamvu amasiya zidindo za mapazi ake ngakhale m'mitambo.

Phokoso lochita kupanga

Zonse tafotokozazi ndi ngozi za chilengedwe ndi za makina. Koma chimene chingachitike mwangozi, munthu angachichitenso dala, ndipo dziko la pakati pa Zambezi ndi Limpopo lachiona kawiri.

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu popanda chilolezo cha Britain. Chakacho chisanathe, Britain inaimika makina oulutsira mawu a BBC ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland, pafupi ndi malire, asilikali ake akulondera. Boma la Smith linayankha poyatsa makina ake olizira phokoso pa mizere yomweyo. Siteshoni ya ku Francistown inatsekedwa mu 1968.

Nkhondo ya ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, ZANU inkaulutsa Voice of Zimbabwe kuchokera ku Maputo, ZAPU nayo inkamveka kuchokera ku Lusaka ndi kumizinda ina. Boma la Rhodesia linapeza njira ina yochenjera: kufalitsa FM, imene siipita kutali, ndi kulimbikitsa mawailesi otchipa ogwira FM yokha. Cholinga chinali kutseka Maputo. Koma wantchito wa pafamu amene anagula wailesi yotere anatsekeredwanso Blantyre ndi Lusaka. Njovu zinkamenyana, udzu wa kukomboni ndiwo unkapondedwa. Nkhondo yomweyo inatenga ndi Alick Nkhata, amene anaphedwa mu October 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa pafupi ndi famu yake ku Mkushi, ku Zambia.

Ufulu utabwera mu 1980, wailesi ya boma ya ZBC inatenga milongoti, ndipo mu 1982 inatsegula Radio 4, imene inapereka mpata ku zinenero zing'onozing'ono, Chichewa chili momwemo. Siteshoniyi ndiyo inasanduka National FM mu 2001. Koma mphepo yonse inakhalabe m'manja mwa boma. Mu September 2000 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti si zololedwa kuti ZBC ikhale yokha, ndipo Capital Radio inayamba kuulutsa ku Harare. Apolisi anaitseka patangopita masiku ochepa. Mmodzi mwa eni ake, Gerry Jackson, anapita ku London n'kukayambitsa SW Radio Africa mu December 2001. Mu 2003 Voice of America inayamba pulogalamu ya Studio 7, imene inkamveka madzulo pa 909 kHz kuchokera ku mlongoti wa pafupi ndi Selebi-Phikwe, ku Botswana.

Mu March 2005, chisankho cha aphungu cha pa 31 March chikuyandikira, phokoso linakwera pa mizere ya SW Radio Africa. Mu 2006 linafikanso pa 909 kHz, makamaka ku Harare ndi madera ozungulira. Mu 2007 wachiwiri kwa nduna ya zofalitsa nkhani, Bright Matonga, anavomera m'nyumba ya malamulo kuti boma ndilo likuchita zimenezi. Boma linkati awa ndi masiteshoni a akunja olowerera m'dziko popanda chilolezo. Oulutsawo ankati akulankhulira kunja chifukwa kwawo anamanidwa chilolezocho. Mu February 2013 apolisi analetsa mawailesi a short wave opukusa ndi a dzuwa amene mabungwe ankagawa kumidzi.

Wolizira phokoso safunika kukhala ndi mphamvu zoposa siteshoni imene akuitseka. Chimene amafuna ndi kukhala pafupi ndi womvera, basi. Selebi-Phikwe ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Harare, ndipo mawu akafika atatopa, makina aang'ono a pafupi amawagonjetsa. Koma phokoso nalo limatopa likamapita kutali. Msuweni wanga, mwana wa amalume amene anatsala ku Zimbabwe, amandiuza kuti m'zaka zimenezo ankakwera pachulu kuseri kwa komboni, wailesi ili m'jekete, n'kumaitembenuza mpaka phokoso litagwa. Palibe anamuphunzitsa za ferrite. Anangoona bambo ake.

Opanda munda, opanda mzere

Zaka zomwezo ndizo zinagwedeza makomboni. Nthaka ya Zimbabwe inali itagawidwa mopanda chilungamo kuyambira pa lamulo la Land Apportionment Act la 1930, ndipo pofika chaka cha 2000 mafamu aakulu ambiri anali akadali m'manja mwa azungu pafupifupi 4,000. Boma litayamba kulanda ndi kugawa mafamuwo, antchito oposa 300,000 ndi mabanja awo anapezeka pakati. Ambiri anataya ntchito ndi nyumba. Mshona anali ndi kumudzi kothawira. Mdzukulu wa mtchona, wobadwira pafamu, wosadziwa njira ya ku Ntcheu, analibe kopita, ndipo ochepa okha ndiwo analandira minda. Lamulo la unzika la 2001 linawonjezera bala, ambiri anapezeka kuti ziphaso zawo zikuwatcha alendo m'dziko limene anabadwiramo.

Komabe mawu a kukomboni anapeza njira yawo yokwerera pa mlongoti. Nicholas Zakaria, wokulira ku Mazowe, Alick Macheso wa ku Shamva, ndi Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke, onse ana a m'mafamu, analowetsa Chichewa m'nyimbo za sungura mpaka dziko lonse linavina. Mu 2013 malamulo atsopano a dziko anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, ndipo pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, Chichewa ndicho chimayamba kutchulidwa.

Lero mphepo ya AM yachita bata la mtundu wina. SW Radio Africa inatseka mu August 2014. Milongoti ya short wave ya ku Meyerton, ku South Africa, imene inkanyamula Chinyanja cha Channel Africa, inazimitsidwa mu March 2019. MBC inasiya short wave kalekale. Phokoso latsopano likuchokera m'nyumba momwe: matchaja a foni otchipa, mababu a LED, mainiveta a sola, ndi mipanda yamagetsi ya m'mafamu imene imagogoda m'sipika sekondi iliyonse. Anansi okuwa achepa, koma wonong'ona uja nayenso wangotsala pang'ono kukhala chete.

Chiyembekezo chili pa milongoti ing'onoing'ono. Kuyambira 2020 bungwe la Broadcasting Authority of Zimbabwe linayamba kupereka zilolezo kwa mawailesi a m'madera, ndipo imodzi mwa mawailesiwo, Madziwa FM, ili m'boma la Shamva, dera la migodi ndi mafamu kumene zidzukulu za matchona n'zambiri. Zaka zonse zija anthu athu ankaphunzira luso lofulatira mnansi wokuwa kuti amve wakutali. Chimene sanakhale nacho ndi mlongoti wapafupi wolankhula ngati iwo, wolengeza maliro a pakomboni, mtengo wa fodya kumsika, ndi tsiku lolembetsa ziphaso. Mizere ya pa mphepo ndi chuma cha onse monga nthaka, ndipo anthu amene anamanidwa munda sayenera kumanidwanso mzere. Nafenso kuno kumudzi tili ndi ngongole: nyumba zathu zoulutsira mawu ziyenera kukumbukira kuti kuseri kwa Zambezi kuli abale amene akanatchera khutu akanamva akuitanidwa.

Amalume anamwalira zaka zingapo zapitazo. Uthenga wa maliro awo unafika ku Mashonaland pa WhatsApp thupi lisanazizire, dzina lonse lili bwinobwino, popanda likhweru. Msuweni wanga anayankha m'Chichewa cholemera, cha makolo. Ana ake anatumiza mawu a chipepeso m'Chishona, ndipo wamng'ono anafunsa bambo ake kuti Ntcheu ndi dzina la munthu kapena la malo.

Supersonic ija ilipobe, thaulo lake lili pamwamba. Usiku wina ndinaikamo mabatire, ndinayendetsa singano pang'onopang'ono, ndipo pakati pa kuthetheka ndinamva mawu ofooka, akutali, a chinenero chimene sindinachizindikire. Ndinainyamula ndi manja awiri n'kuyamba kutembenuka.